Dzimbiri la ku Bangwe ndi Dzina la Mwana

Kalekale, masiku amene nyimbo zinkayenda m'makaseti, kaseti ikatafunidwa ndi wailesi mwiniwake n'kumaibweza ndi bolopeni, ku Bangwe kunali galaja ya a Muhiwa. Inali m'munsi mwa chitunda, khoma la njerwa kumbuyo, malata pamwamba, ndipo pakati pake panali dzenje limene makaniko ankalowamo akafuna kuona kumimba kwa galimoto.

M'dzenje limenelo nthawi zambiri munkapezeka Ndaziona, mwana wa mlongo wawo wa a Muhiwa. Mtsikanayu anachoka ku Phalombe kuti adzaphunzire zosokasoka m'tauni, koma singano inamukana. Chimene chinamulola ndi sipanala. Pasanathe chaka ankatha kumva galimoto ikubwera chapatali n'kunena chimene ikudwala. Akamagwira ntchito ankaimba, ndipo mawu ake anali aakulu, okhakhala ngati tupa. Kwaya ya kutchalitchi inamupirira masabata atatu, kenaka mkulu wa kwayayo anamupempha mwaulemu kuti azithandiza kusesa.

Tsiku lina Loweruka masana pagalajapo panafika amuna awiri kudzabwereka batire. Wina anali Gomezgani wa ku Rumphi, woonda ngati nsungwi, amene ankanyamula makatoni kunyumba ina yosungira katundu ku Limbe. Anali ndi gitala yamagetsi imene mkulu wake anabwera nayo kuchokera ku Joni, koma chiilandirireni anali asanaimvepo ikulira mokweza, poti analibe sipika. Winayo anali Filipo, wokonza mawailesi pakhonde la sitolo kumsika, munthu wa mawu ochepa. Iyeyu anali atazula sipika m'basi yakufa n'kuilumikiza ndi zam'kati za mawailesi atatu.

Mawaya atagwira batire, Gomezgani anakhwatcha nsambo. Chimene chinatuluka sikunali kulira kwa gitala ayi. Kunali kubangula. Nkhuku zimene zinkapalasa pakhomo zinabalalika, ndipo malata ananjenjemera.

"Pepa, aise," anatero Filipo mwamanyazi. "Sipikayi ndi yong'ambika. Ndikaimata."

Ndaziona anatulutsa mutu m'dzenje muja, nkhope ili girisi yekhayekha. "Ukaimata udana ndi ine. Tabwerezani."

Gomezgani anabwereza. Twaibu, wowotcherera zitsulo wa pagalajapo, amene zala zake sizinkakhala osagogoda kanthu, anatembenuza chigubu cha oilo n'kuyamba kuchimenya ndi zitsulo ziwiri. Ndaziona anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anapeza phokoso limene mawu ake sankaliphimba, phokoso loti alimbane nalo.

A Muhiwa anaima pakhomo la kaofesi kawo atatseka khutu limodzi. Nyimbo itatha anati, "Zinthu ziwiri. Muziyamba makasitomala akapita, ndipo dzuwa likalowa phokosoli lizilowanso."

Gulu linayamba choncho. Twaibu anadziwotcherera ng'oma zake ndi zigubu ndi mbale za mabuleki. Filipo anadzipangira gitala ya besi ya nsambo zitatu. Nyimbo zotere kunja amazitcha roko, koma ku Bangwe zinalibe dzina; anthu ankangoti "zija za kugalaja". Ndaziona ankapeka mawu pa zimene ankaona: bwana amene amangoti ubwere mawa, fumbi la mwezi wa Okutobala, lendilodi wochotsa chitseko. Imene anthu anaikonda kwambiri inali "Kankha", yonena za anthu okankha galimoto yokana kulira. Twaibu anaipatsa kagundidwe kotsanzira injini yotsamwa: katatu msangamsanga, kupuma, kenaka kawiri. Ndipo Ndaziona ankakuwa pamwamba pake kuti, "Kankha, m'bale, kankha, ikalira tikwera tonse!"

Musaganize kuti dziko linawalandira ndi manja awiri. Paukwati wina anawazimitsira magetsi nyimbo yachiwiri isanathe. Kuholo ina anawauza kuti abwerenso akaphunzira kuimba. Pa wailesi sanamvekepo n'kamodzi komwe. Atapita kusitudiyo ina ya m'tauni kukapempha kuti awajambule, mwini situdiyo anamvetsera mphindi imodzi, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Nyimbo imafunika kuwala, anzanga. Zanuzi ndi dzimbiri lokhalokha."

Potsika masitepe Gomezgani anali atakwiya, koma Ndaziona ankaseka.

"Zaka ziwiri tikusowa dzina," anatero, "munthu watipatsa laulere."

Kuyambira tsiku limenelo anali a Dzimbiri. Owakonda anali ochepa koma ouma mutu: amakaniko, oitanira minibasi, ana asukulu a sekondale, azimayi awiri ogulitsa makala amene sankajomba. Loweruka lililonse ankadzaza galaja, ena atakwera pamatayala, ena atakhala pamabonati.

M'chaka chachitatu Filipo anati, "Akatikana, tidzijambula tokha." Anagula kaseti yatsopano, anapachika maikolofoni pa tcheni chokwezera injini, n'kuthamangitsa aliyense kupatula a Muhiwa. Anaimba nyimbo zisanu ndi zitatu mosabwereza. Mu nyimbo yachinayi munalowa chifuwa cha a Muhiwa, ndipo anagwirizana kuti chikhale momwemo. Atamvetsera, onse anayang'anana. Zinali zaukali, zosapala, zamoyo. Ndaziona anaika kasetiyo m'bokosi lake la zipangizo kuti Filipo adzaichulukitse akabwera, poti m'mawa mwake Filipoyo ankapita kumaliro ku Luchenza.

Unali mwezi wa Febuluwale. Mvula inayamba Lamulungu, n'kugwa osapuma mpaka Lachitatu.

Lachitatu limenelo cha m'ma teni koloko, a Muhiwa anali atapita ku Limbe kukafuna chitsulo china, Twaibu ali kumtunda kukawotcherera geti la munthu. Ndaziona anali yekha m'dzenje, kunsi kwa lole. Anamva kulira ngati kwa galimoto yaikulu ikutsika phiri, ndipo asanadziwe kuti ndi chiyani, chitunda chinakankha khoma, khoma linagwetsa denga, kunja kunada bii. Lole ija inamutchinga ku njerwa, koma inapendekeka n'kumupana mwendo ndi chitsulo chake. Matope anayamba kulowa m'dzenjemo pang'onopang'ono, ozizira, kufika m'chiuno.

Anakuwa mpaka kukhosi kunatuluka magazi. Ankamva anthu pamwamba, koma iwo sankamumva. Anamvanso mawu a mayi wina akuti, "Mulibe munthu umu, ndawaona atuluka ndi malume awo." Pamenepo anthu anasiya kufufuza, n'kuyamba kungosolola malata kuti asapite ndi madzi. Ndaziona anali akadali ndi sipanala m'manja. Anayamba kumenya chitsulo cha lole, koma pakati pa mvula ndi malata okokedwa, kugogoda kwake kunali ngati kudontha kwa madzi. Mawu atamuthera, dzanja lake linagwera lokha m'kagundidwe kamene linazolowera: katatu msangamsanga, kupuma, kenaka kawiri.

Woyamba kumuthandiza anali Twaibu. Anafika akuthamanga, ndipo atamva zoti mulibe munthu anapuma mpweya wa chimwemwe n'kuyamba kuthandiza kusolola malata. Mwadzidzidzi anaima ngati walumidwa.

"Khalani chete!"

"Ndi madzi akugunda zitsulo awo, achimwene," anatero bambo wina.

"Ndati chete! Aliyense aike pansi chimene wagwira!"

Anagona chafufumimba m'matope, khutu pa njerwa. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mnyamatayu mutu wazungulira. Iye anakwawa cha uku, anakwawa cha uko, kenaka anatola mwala n'kumenya nsonga ya chitsulo imene inatulukira panja: katatu, kupuma, kawiri. Anadikira. Pansi panayankha.

"Mvula siidziwa nyimbo yathu," anatero. "Ndaziona ali apa. Osati uko, apa! Kumbani apa!"

Akanakumba kumene anthu ankaganizira, dzuwa likanalowa asanamupeze. Twaibu anawatsogolera ndi khutu lake, akugogoda, akuyankhidwa, mpaka khasu linaboola kamphako kolowera kunsi kwa lole.

Wachiwiri anali Gomezgani. Tsiku limenelo sanapite kuntchito chifukwa mlatho unali utasefukira, choncho mbiri inamupeza kunyumba. Atafika anapeza amuna atazungulira kamphako kaja, osowa chochita. Kukakuza kunali kugwetsera njerwa zonse pa munthuyo, ndipo mwa onse amene analipo panalibe amene mapewa ake akanalowamo. Gomezgani anavula malaya.

"Ndipatseni jeke ndi chingwe."

Twaibu anamugwira pamkono. "Gome, muli zitsulo zosakhazikika umu. Manja akowo ndiwo gulu lathu."

"Nanga manjawa adzaimbira ndani?"

Analowa chamutu ngati njoka. Ndaziona anaona kuwala kwa tochi, kenaka nkhope yamatope, ndipo madzi anali atamufika pachifuwa. Gomezgani anamumanga chingwe m'khwapa, anaika jeke pansi pa chitsulo chomupanacho n'kuyamba kupopa. Chitsulo chinakwera pang'ono, koma tsinde la jeke linayamba kutsetsereka m'matope. Panalibe thabwa, panalibe mwala. Analowetsa dzanja lamanzere, lija logwira nsambo, n'kulitsekera pakati pa jeke ndi khoma la dzenje.

"Kokani!" anakuwa.

Anakoka. Mwendo unasololoka pang'onopang'ono, ndipo Ndaziona podutsa pambali pake anamva mano a Gomezgani akukukutika. Jeke inali ikumudya zala, koma sanachotse dzanja mpaka anamva anthu panja akufuula kuti watuluka. Pamene ankamukoka iye, zala ziwiri, chachinayi ndi chaching'ono, zinali zitaphwanyikiratu. Kuchipatala anazidula.

Ndaziona anakhala m'chipatala milungu isanu ndi umodzi. Mwendo unalumikizika, ngakhale anatsala akutsimphina. Madokotala anati kukhosi nako kwapola. Koma mawu sanabwerere. Akafunsidwa kanthu ankanong'ona, kapena kungogwedeza mutu. Tsiku limene anaona dzanja la Gomezgani atalimasula mabandeji, anatembenukira kukhoma, ndipo kuyambira pamenepo ankati akamva kuti a Dzimbiri abwera kudzamuona, n'kudzifunditsa kumutu. Kunyumba kwa malume ake ankadya ngati mbalame. Zovala zinayamba kumukhwepa. Akatseka maso ankamva matope akukwera, ndipo mumtima ankangoti: ndadya zala za mnzanga, nyimbo zinakwiririka, chatsala n'chiyani?

A Muhiwa anauza Twaibu pakhonde, Ndaziona akumva m'chipinda, kuti, "Munafukula thupi, ana inu. Mwiniwake akadali m'dzenje muja. Zikapitirira chonchi tikamutula ku Phalombe m'bokosi."

Wachitatu anali Filipo. Iyeyu tsiku la ngozi kunalibe, ndipo zinkamuwawa. Atabwera ku Luchenza sananene zambiri. Anabwereka fosholo n'kuyamba kufukula bwinja la galaja yekhayekha. Anthu ankamufunsa chimene akufuna, iye n'kumangokumba. Tsiku lachisanu ndi chinayi anapeza bokosi la zipangizo la Ndaziona litaphwanyika, ndipo m'kati mwake munali kaseti ija, yodzaza dothi ngati chisa cha mavu.

Aliyense amene anaiona anati itayidwe. Filipo anaimasula timabawuti, anasolola tepi yonse, n'kuiyanika pa ulusi umene anaumanga uku ndi uku m'chipinda mwake, moti polowa ankachita kukwawa. Ankaitsuka ndi thonje ndi madzi owiritsa, utali wa chala chimodzi, n'kudikira kuti iume, n'kupita pena. Pamene inaduka ankalumikiza ndi kachidutswa ka selotepi kocheka ndi lezala. Pakhonde lake kumsika panakhala potseka milungu isanu, makasitomala n'kusamukira kwa wina. Maso anamufiira. Atamaliza anaikulunganso n'kuiika m'wailesi. Nyimbo yomaliza inali itafa theka. Zinazo zinalira, mwina mozilala, mwina mokanda, koma zinalira.

Anapita nayo kwa Ndaziona. Iye atangoona kasetiyo anatseka makutu. Filipo sanakakamize. Anabwerera, anaichulukitsa imodziimodzi pa wailesi yolowa makaseti awiri, iliyonse n'kuilemba ndi bolopeni mawu amodzi okha: DZIMBIRI. Kenaka anayenda pa depoti ya Limbe akupatsa madalaivala.

"Ndi za kwaya?" anafunsa wina.

"Ingoikani mukafika pokwera," anayankha Filipo.

Patatha mwezi anabweranso kwa a Muhiwa. "Lero ndi tsiku loti akaonetse mwendo kuchipatala. Inu malume pumulani, ndimuperekeza ndine."

Ndaziona anakwera minibasi atafunda chitenje kumutu, n'kukhala pakona kumbuyo kwa dalaivala. Galimoto itadzaza, dalaivalayo, bambo wojintcha dzina lake Lameki, anakankhira kaseti m'wailesi. Kunamveka kugunda katatu, kupuma, kawiri. Kenaka gitala ya Gomezgani, ya zala zonse zisanu, inabangula. Ndaziona anauma thupi. Anafuna kutsika, koma galimoto inali itayamba kale kuthamanga. Anayang'ana Filipo, Filipo ankayang'ana pawindo ngati sakudziwa kanthu.

Ndiye anaona zimene sankayembekeza. Mayi wa dengu la tomato ankagwedeza mutu. Mnyamata wa tayi ankamenya bondo. Galimoto ina imene anakumana nayo pamsewu inkalizanso nyimbo yomweyo. Atafika pa kolasi, mzere wobwerezabwereza uja, pamene tepi inali yokandika kwambiri moti mawu sankamveka bwino, Lameki anakweza mawu ake onse akumenya chiwongolero: "Kankha, m'bale, kankha, ikalira tikwera tokha!" Ndipo galimoto yonse inavomera kuti, "Tikwera tokha!"

Anapirira koyamba. Anapirira kachiwiri. Kachitatu chinachake chinaphulika m'chifuwa mwake.

"Tonse!"

Mawuwo anadzaza minibasi ngati tayala laphulika. Lameki anaponda mabuleki.

"Ndi tonse, osati tokha! Munthu angakankhe bwanji galimoto yoti mukwere nokha? Mukuiwononga nyimbo!"

"Inu mayi, mukuidziwa kuposa ine? Kaseti iyi ndaimvera mpaka kutha."

Ndaziona anagwetsa chitenje chija n'kuimba mzere wonsewo, kuphimba wailesi, kuphimba injini. Anthu anatembenuka kukamwa kuli yasa. Mayi wa tomato ndiye anayamba kululutira. Lameki anaimika galimoto pambali, anazimitsa wailesi, n'kunena kuti, "Pepani, mayi. Tayambireni poyamba, tiphunzire bwino." Filipo anali akuyang'anabe pawindo, koma misozi ikutsika.

Tsiku limenelo kuchipatala anafika mochedwa, ndipo pobwera Ndaziona anapita molunjika kwa Gomezgani. Anamupeza atakhala pakhonde, gitala pamiyendo. Asanayambe kupepesa, Gomezgani anakweza dzanja lija. Pa chala chapakati anali atavekapo soketi ya sipanala.

"Usandilire, Nda. Tamvera ichi."

Anatsetsereketsa chitsulocho pa nsambo, gitala n'kulira ngati munthu, kulira kumene palibe amene anali atakumvapo ku Bangwe.

"Zala zisanu sizinkadziwa zimenezi," anatero akuseka. "Tiyamba liti?"

Galaja anaimanganso, kutali ndi chitunda, ndipo njerwa anazisenza ndi anthu a m'maminibasi, Loweruka ndi Loweruka, osaitanidwa. M'menemo a Dzimbiri anajambula kaseti yachiwiri, "Kunsi kwa Lole", maikolofoni ili pa tcheni ngati kale. Madalaivala a malole anainyamula mpaka ku Karonga, ku Chipata, ku Tete. Yachitatu, "Zala Zitatu", inali yaukali kuposa zonse, ndipo oimba achinyamata ku Ndirande ndi ku Kawale anayamba kung'amba dala masipika awo kuti amveke ngati Gomezgani. Mwini situdiyo uja anabwera yekha pagalaja atavala suti, kudzapempha kuti awajambule mwaukhondo. Anamupatsa mpando, anamumvetsera mpaka kumaliza, ndipo Twaibu anamuperekeza kugalimoto yake mwaulemu wonse.

Tsiku lalikulu linafika m'chilimwe, pamene anaimba pabwalo la mpira masana dzuwa likuswa mtengo. Analibe zikwangwani, uthenga unayenda pakamwa. Ndaziona atakwera pa lole imene inali nsanja yawo, anaona mitu ya anthu mpaka kumsewu, ena m'mitengo, ena pamadenga. Anatsimphina kufika kutsogolo, ndipo asanatsegule pakamwa khamu lonse linayamba kuomba m'manja kagundidwe ka Twaibu. Fumbi linakwera ngati utsi. A Muhiwa, amene zaka zonsezi ankamvera nyimbozi atatseka khutu limodzi, anawaona akuvina pafupi ndi sipika, chipewa chili m'manja.

Lameki uja sanasiyire pa kuphunzira mawu a nyimbo. Minibasi yake inayamba kudwaladwala matenda osaoneka, sabata iliyonse ili pagalaja, mpaka a Muhiwa anamuuza kuti, "Galimotoyi ili bwinobwino, bambo. Ngati pali china, tumizani ankhoswe." Anatumiza. Patapita chaka ndi miyezi, Ndaziona anabereka mwana wamkazi, wonenepa, wa kukhosi kwa amake. Akalira, anansi ankadziwa.

Tsono apa ndi pamene panabadwira mlandu.

A kuchimuna anati mwana woyambayu atchedwe dzina ndi a kuchikazi, ndipo mwayiwo unagwera a Muhiwa monga mwinimbumba. Kutatsala tsiku limodzi kuti mwana atuluke m'chikuta, a Muhiwa anaitana Twaibu, Gomezgani ndi Filipo. Anakhala pakhonde, pansi pa windo la chipinda chimene munali Ndaziona ndi khandalo, ndipo iye ankamva zonse.

"Ana inu," anatero a Muhiwa, "mwana uyu ine sindinamuvutikire. Pakanapanda zimene munachita chaka cha mvula chija, bwenzi lero tikukalambula manda, osati kutcha dzina. Ulemu umenewu ndikuupereka kwa amene anapulumutsa mayi wake. Ameneyo ndiye atche dzina, ndipo mwanayu adzakula akumudziwa ngati bambo wake wachiwiri."

Amuna atatuwa anali atagawana zambiri m'moyo, chipisi cha m'pepala limodzi, kunyozedwa, kutchuka, osakanganapo. Koma ichi aliyense anachifuna ndi mtima wake wonse.

Twaibu anayamba. "Malume, anthu onse aja anali atavomereza kuti mulibe munthu. Akanasolola malata n'kumapita kwawo. Gome akanalowa pati ndikanapanda kumva? Filipo akanamuimbira ndani kaseti yake? Iye anagogoda, ine ndinayankha. Mwanayu ndi Yankho."

Gomezgani anaika dzanja lake lamanzere pabondo, poonekera. "Kumva unamva, aise, sindikukana. Koma khutu silinyamula lole. Madzi anali pachifuwa pamene ndinkafika. Iwe unabwerako ndi makutu ako onse awiri, Filipo ali ndi maso ake onse awiri. Ine zanga zinatsala momwemo, ndipo sindidandaula. Kwathu mwana wotere timamutcha Lusungu, ndiye kuti chifundo."

Kenaka a Muhiwa anafunsa Filipo ngati ali ndi mawu.

"Ine kunalibe tsiku lija," anatero Filipo. "Zimenezo ndimazidziwa. Koma malume, munanena nokha pakhonde pompano kuti mwiniwake akadali m'dzenje. Amene anzangawa anamutulutsa ankafa tikumuona. Sakanaimba, sakanakwatiwa, mwanayu sakanabadwa. Iwo anagwira ntchito ya tsiku limodzi, yoopsa, ndikuvomera. Yanga inali ya miyezi, popanda wondiombera m'manja. Ndinangomukumbutsa kuti iye ndi ndani. Dzina ndi Chikumbutso."

Lameki, amene ankamvetsera ali chiimire pakhomo, anayesa kuthandiza. "Bwanji tingomupatsa onse atatu?"

"Mwana si minibasi yoti muilembe dzina kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali," anatero a Muhiwa. "Dzina loitanira munthu ndi limodzi. Enawo amangogona m'makalata." Anakanda kumutu, anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, kenaka anagogoda pawindo. "Iwe Ndaziona, wamva zonse. Moyo wake ndi wako. Ine zandikanika. Tiuze ndiwe."

Ndaziona anayang'ana mwana amene anali pabere. Pa anthu zikwi anali asanasowepo mawu, koma apa lilime linamulemera. Akati atchule Twaibu, ankaona dzanja la Gomezgani. Akati atchule Gomezgani, ankakumbukira kuti ngakhale atamutulutsa iye ankafunabe kufa. Akati atchule Filipo, ankamva mwala uja ukuyankha pamwamba pa mutu wake, nthawi imene dziko lonse linali litamuleka.

"Malume," anatero, "mundipatse mpaka m'mawa."

Kunja amuna atatu aja anatsanzika mwaulemu, aliyense n'kulowera njira yake, aliyense akuyeserera chamumtima mmene dzina lake lidzamvekere poitana kamtsikanako.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, mwana asanatuluke m'chikuta. Tsono inu amene mwakhala mukumvetsera, lowani m'chipindamo mukhale pamene wakhala Ndaziona. Wina anamumva pamene onse anati kulibe. Wina anamugula ndi zala zake. Wina anamubwezera mawu ndi mtima wofuna kukhala moyo. Kukacha, mwana uyu atuluke ndi dzina liti: Yankho, Lusungu, kapena Chikumbutso? Ndani mwa atatuwa amene anamupulumutsa?